Alendo a m'Botolo la ba Maud

M'komboni ya George muno aliyense ankadziwa kuti ukapereka moni wa dzanja kwa ba Maud Kasoma, dzanjalo silibwerera msanga. Ankaligwira, n'kulitembenuza, n'kumayang'anitsitsa pachikhatho.

"Apo kapita," ankatero. "Apo kenangu. Simunamvele?"

"Kapita kachani, amai?"

"Ka myuoni. Kachoka kumwamba, kakulasani, manje kali pansi pa nthaka. Yendani bwino, mukapatse moni bana."

Wachilendo ankachoka akupukuta dzanja pa thalauza. Ife ozolowera tinkangotula chigubu cha madzi n'kudikira kuti amalize.

Ba Maud sanali mphunzitsi. Sukulu analekezera Giredi 7 kwawo ku Katete, ndipo ntchito yawo inali yolongedza makatoni pa fakitale ya ayisikilimu ku Heavy Industrial Area. Kumeneko kuli ayisi wina amene sasanduka madzi. Amangofuka utsi woyera mpaka kutha, ndipo ukamugwira amaotcha. Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro, makaniko wa mafiriji, ba Clive, amene analowako ku yunivesite koma osamaliza, anamata kansanza konyowa ndi sipiriti m'botolo lalikulu lagalasi. Analivundikira pa chitsulo chakuda chimene anachikhazika pa ayisiyo, n'kuunikira ndi tochi. Anzawo anasuzumira, anaseka, anapita kukadya. Ba Maud chakudya anachiiwala. M'kankhungu ka m'botolo munkadutsa timizere toyera ngati ulusi, kuoneka n'kuzimirira.

Ba Clive anawafotokozera kwa mphindi zisanu. Iwo anatifotokozera ife kwa zaka makumi awiri.

Nkhani yake, monga ndinaimvera kosawerengeka, inali iyi. Nyenyezi zakutali zikaphulika zimaponya tinthu tochepetsetsa, timene timayenda zaka mamiliyoni. Tikagunda mpweya wa dziko lathu kumwambako, pamatuluka tinthu tina totchedwa myuoni. Timeneto timagwa usana ndi usiku ngati mvula yosaoneka, kuboola malata, anthu, mpaka nthaka. Mizere ya m'botolo ija ndi njira imene kamodzi kadutsa. Ba Maud ankatitcha alendo, ndipo Loweruka ankabwera ndi ayisi uja kunyumba kuti ationere m'botolo lawolawo.

Mwana wawo Towela atawagulira foni, zinthu zinanyanya. Anthu ena mabando a intaneti amathera pa nyimbo, iwo ankathera pa asayansi. Tsiku lina pa mzere wa madzi anatembenukira kwa ba Obed, bambo amene pa mpira, pa ndale ndi pa matenda a nkhuku analibe funso lowakanika.

"Ba Obed, muziba kuti vonse vamene tiona, nyenyezi, zuba, imwe na ine, ni faifi pasenti chabe? Vinangu vonse basayansi bakamba ati sibaziba ni chani."

"Manje bamaphunzila chani?"

"Bamaphunzila kukamba ati sitiziba. Muyeseko na imwe, sichibaba."

Kunali phwando lina lolangiza mtsikana wokwatiwa, dzina lake Karen. Amayi anzawo analankhula za ulemu, za kuphika, za kupirira. Itafika nthawi ya ba Maud, ng'oma zinaleka.

"Mwana wanga, ayironi ili mu magazi ya mwamuna wako inapangiwa mu nyenyezi yamene inafa kudala. Na iwe chimozimozi. So akayamba kuzimvela, osamuyopa. Ni phulusa, monga iwe."

Apongozi anakwiya. Koma ukwatiwo ulipobe, ndipo mwa maukwati a chaka chimenecho si ambiri amene ndinganene choncho.

Vuto lenileni linabwera mwendo wa mkazi wa landilodi wawo utatupa. Kuchipatala ananena kuti ndi shuga, koma mukomboni munali kale mayankho ena. Kodi si ba Maud amene Loweruka lililonse amatseka mawindo ndi mabulangeti dzuwa likuswa mtengo? Kodi utsi woyera wosanunkha uja, wotulukira pansi pa chitseko n'kumakwawa pansi, ndi wa mbaula? Nanga amene amawatcha alendo ndani? Makasitomala a mafilizi, tizakumwa toundana timene ankagulitsa pakhomo, anatha. Amayi ankakoka ana akamadutsa pakhomopo. Landilodi, ba Ngosa, anawauza kuti mwezi ukatha asamuke, ndipo mu George, mayi wa zaka makumi asanu wotchedwa mfiti sapeza chipinda china.

Ba Maud sanalire, sanakanenso. Anapita kwa mkulu wa mpingo, ba Silas Lombe, n'kuwapempha kuti Loweruka abwere ndi landilodiyo adzaone okha. Ine ndinaitanidwa chifukwa tochi yanga inali yowala kuposa yawo.

Tinakhala anayi m'chipinda chamdima, kunja ana akusewera mpira. Ba Silas anayamba ndi pemphero lalitali, Baibulo ali nalo pachifuwa. Ba Ngosa anakhala pafupi ndi chitseko. Ba Maud anakonza botolo, ine ndinaunikira.

Mphindi zisanu, palibe. Khumi, palibe.

"Vayopa pemphelo," anatero ba Ngosa.

"Siyizizile bwino. Lindilani."

Kenaka kamzere kanadutsa, kowongoka, kuchokera kumwamba kumanzere. Kena kanatsatira. Ba Silas anasendera pafupi mpaka mphuno inagunda galasi.

"Vichoka kuti?"

"Kumwamba."

"Kumwamba kwa Mulungu?"

"Kumwamba kwa ndeke, kupitililako."

"Vimangobwela kuli imwe?"

"Na kuli imwe. Na mu chalichi. Na ku State House."

Ba Ngosa anali akuyang'ana kudenga. "Mwati vimapita mu malata?"

"Ehe."

"Malata yanga aya?"

"Osadandaula. Vamene vimadonthesa malata yanu ni misomali."

Ba Silas anawonjezera funso limodzi lokha, loti kanthu kakang'ono chonchi kamafika bwanji pansi. Analakwitsa. Ba Maud anayamba kufotokoza kuti kamyuoni moyo wake ndi wochepa kwambiri moti kakanayenera kufera m'njira, koma chifukwa kamathamanga pafupifupi ngati kuwala, nthawi yake imayenda pang'onopang'ono. Kuchoka apo anapita ku chiyambi cha chilengedwe, zaka mabiliyoni khumi ndi anayi zapitazo. Tinatuluka patatha maola awiri, ayisi atatha.

Panja anthu anali atadzaza. Ba Silas anapukuta magalasi awo.

"Mfiti zimabisa," anatero. "Aba sibabisa. Balongosola mpaka mutu kubaba. Yendani kunyumba."

Ba Ngosa za kusamuka sanazitchulenso. Lolemba lake anaoneka padenga ndi phula. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse anthu ankadzaza m'chipinda cha ba Maud kudzaona mizere, ine nditagwira tochi.

Ba Maud anadwala mvula ya chaka chatha itayamba. Towela akuti kuchipatala, pojambulidwa chifuwa, ba Maud anamufunsa wojambulayo mafunso ambiri mpaka iyeyo anakaitana mnzake kuti amuthandize. Ine ndinakawaona atabwerera kunyumba. Anali ataonda, mawu akutuluka movutikira. Ndinawafunsa ngati ali ndi mantha.

"Pang'ono," anatero. "Koma chamene chinibaba, bazakapeza vija naintefaifi pasenti ine kulibe. Mukamvela, mukabwele kumanda muniuze. Mukambe bwino bwino, osati monga ba Obed."

Anamwalira Lachitatu m'mawa. Maliro anali aakulu, ndipo amene analira kwambiri ndi ena mwa aja ankakoka ana.

George sanasinthe. Mabasi akuimba mahutala, madzi akuvutabe, anthu akupatsana moni n'kupitirira. Kungoti masiku ano nkhani zathu zonse zimathera pa msewu wa tala, sizifikanso ku nyenyezi.

Mwezi wathawu kunabwera mphunzitsi wa sekondale wochokera ku Matero, ndi ana asukulu khumi ndi awiri ovala yunifolomu. Anali atamva kuti mu George muli mayi amene amaonetsa zimene iye amangojambula pa bolodi. Tinamuuza kuti wachedwa. Iye anafunsa ngati zipangizo zilipo. Towela anatulutsa botolo, chitsulo ndi kansanza. Mphunzitsiyo anali atabweretsa yekha ayisi uja.

"Nindani angationese?" anafunsa.

Tinalipo anthu oposa makumi atatu, ndipo aliyense anali ataonapo mizere ija kangapo. Tinayang'anana. Sipiriti ankathira wochuluka bwanji? Ankadikira nthawi yaitali bwanji? Tochi inkaloza pati? Ngakhale ine woigwira sindinakumbuke. Tinayesa mpaka ayisi anatha, ana atazungulira botolo, m'kati mulibe kanthu.

Onse anatembenukira kwa ba Obed. Iwo anavula chipewa, n'kuyang'ana pansi.

"Ine siniziba," anatero.