Mizere Inayi ya Amalume Ake a Esinati

Lolemba

Kalata yafika! Atsibweni anditumizira pa kabaza kuchokera ku Nsaru, akuti maso awo sakuonanso zolemba zing'onozing'ono. Ndi yankho la amalume ake a Esinati, amene amalima fodya pa esiteti ina kupitirira Kabudula. Mwezi watha atsibweni anapita kumeneko kukandifunsirira mbeta, nkuuzidwa kuti adikire.

Ndikuikopera pano monga ilili:

"Mukudziwitsidwa kuti mufike kuno Loweruka likubwerali nthawi ya 10 koloko m'mawa. Mubwere ndi anthu anu. Musachedwe. Mukalephera, zotsatira zake ndi zanu."

Basi. Moni palibe. "Kuno tili bwino, kaya inu" palibe.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuphunzitsa ana a sekondale kuzukuta ndakatulo ndi makalata, ndiye izi sizingandidutse.

- Kamvekedwe: kozizira ngati madzi a pa mjigo mu Juni.
- Kasankhidwe ka mawu: "mukudziwitsidwa." Munthu amene mukufuna kumupatsa mwana wanu mumamudziwitsa?
- "Anthu anu." Osati abale, osati ankhoswe. Anthu!
- "Zotsatira." Mayo ine.

Akundikana. Kapena atsala pang'ono. Esinati ndimamukonda zedi.

Koma cholembera ndili nacho. Ndilemba yankho lofewetsa mtima, linyamuke Lachitatu, kuti pofika Loweruka mdalayo akhale atasungunuka.

Lachiwiri

Kalata yanga yoyamba: yodzichepetsa kwambiri. Ikumveka ngati ndikupempha ganyu. Ndaing'amba.

Yachiwiri: yolimba mtima. Ikumveka ngati ndikubwera ndi apolisi. Ndaing'ambanso.

Uthenga wa pafoni wochokera kwa Esinati: "Kalata mwalandira? Mubwere." Mawu atatu okha! Ndipo taonani, "mubwere" yemweyo ali m'kalata ya amalume. Chibwereza chimenechi. Banja lonse likuyankhula ndi pakamwa pamodzi.

Pa nthawi yopuma ndikuwaonetsa a Kachingwe, mnzanga wophunzitsa masamu. Akuwerenga kwinaku akutafuna chimanga chootcha. "Akuti mubwere, ndiye pitani." Anthu a masamu! Munthu sangaone chimene chabisala kuseri kwa mawu?

Lachitatu

Kalata ya amalume ija ndailemba pa bolodi m'kalasi ya Fomu 4, osatchula mwini wake. Funso: fotokozani kamvekedwe ka kalatayi ndipo perekani umboni.

Mayankho:
- Wolemba wakwiya.
- Wolemba wakwiya kwambiri.
- Wolandirayo mbuzi zake zadya mbewu m'munda mwa eni.
- Wolandirayo athawire ku Mchinji.

Kalasi yonse yakhoza, ndipo aka nkoyamba chaka chino. Ndikanayenera kusangalala. M'malo mwake ndatuluka thukuta mpaka choko kumata m'manja.

Kabaza wapita wopanda kalata yanga. Pakadali pano ndili ndi moni yekha, koma ndi moni wabwino, wa mizere isanu ndi umodzi.

Lachinayi

Ndapeza povuta! Ndimalimbana ndi mwala pogwiritsa ntchito mwala. Apa pakufunika ndakatulo.

Ndalemba mosapumira kuyambira poweruka. Masamba anayi! Muli:
- Zifanifani zisanu ndi zinayi. Esinati ngati mvula yoyamba. Esinati ngati tsamba la fodya la giredi yapamwamba (ichi ndaikira amalume dala).
- Kukokomeza pang'ono: ndingayende wapansi kuchokera ku Namitete mpaka ku Nambuma osamwa madzi.
- Msewu wa ku Kabudula ndaupatsa pakamwa, ukundichitira umboni.
- Zining'a zosawerengeka.

Ndapalasa njinga kupita ku Nsaru kukawawerengera atsibweni. Tsamba loyamba akugwedeza mutu. Lachiwiri akugwedezabe, koma maso ali chitsinzinire. Podzidzimuka akuti, "Nsapato zija wapolisha?"

Sindikuwaimba mlandu. Sukulu analekeza Sitandade 5.

Lachisanu

Zotumiza zakanika. Ndikaipereka pamanja mawa.

Ndati ndiifupikitse. Ndachotsa ndime imodzi, ndaona kuti pakuoneka dzenje, ndaikapo ziwiri. Tsopano ndi masamba asanu.

Esinati waimba foni. Kumbuyo kukumveka azimayi kuseka ndi ziwiya kugundana. "Tikuphika thobwa. Musavale jekete lija lobiriwira."

Thobwa! Amaphika pa chisangalalo, nzoona. Komanso amaphika pomanga chiliza cha munthu amene anamwalira kale. Sindikudziwa kuti ine ndili mbali iti. Nanga jekete lobiriwira likuimira chiyani?

A Kachingwe akuti likuimira jekete loipa.

Kalata ndawapatsa atsibweni kuti asunge m'thumba mwawo, chifukwa m'manja mwanga ikungokulirakulira.

Loweruka

Tafika 8 koloko, ine, atsibweni ndi azakhali. Anati tisachedwe.

Tikudikira pa mthunzi wa chigafa chopachikamo fodya. Pa nsanamira pakhomedwa pepala. Poti ndine munthu wosadutsa zolemba, ndikuwerenga:

"Matenanti nonse mukudziwitsidwa kuti mufike pa sikelo Lolemba nthawi ya 7 koloko m'mawa. Musachedwe. Mukalephera, zotsatira zake ndi zanu."

Dzanja lomwelo! Inki yomweyo!

Amalume atulukira. Kamdala kakafupi, koseka ndi thupi lonse. Andigwira dzanja ndi manja awiri osafuna kulisiya. "Aphunzitsi! Kalata inafika eti? Ine zolembazi ayi. Ndinangowauza akalaliki athu kuti auzeni alendo abwere tidzasangalale."

Sabata yonse ndakhala ndikuzukuta mtima wa kalaliki wa pa esiteti.

Ndikuwatsinzinira diso atsibweni kuti kalata ija ikhale m'thumba momwemo. Iwo akuyesa ndikuwakumbutsa. "Mwanayu wakulemberani kanthu." Aitulutsa. Amalume akondwa, atumiza uthenga kwa akalaliki kuti adzatiwerengere.

Akalaliki ndi bambo wamtali, wa magalasi omanga ndi ulusi. Aimirira pakati pa bwalo. Akuwerenga ndi mawu amene amaitanira mayina pa sikelo.

"ESINATI. NGATI. MVULA. YOYAMBA."

Akuima kudikira ngati wina ayankha kuti alipo.

Tsamba lachiwiri: azimayi asiya miphika, abwera kudzamvera. Pa za kuyenda wapansi mpaka ku Nambuma, wina kumbuyo akuti, "Kodi njinga alibe?" Tsamba lachinayi: msewu ukuyankhula, azakhali abisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Esinati sindikumuona, koma kuseri kwa chitseko kukumveka munthu akutsamwa.

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika.

Atha. Amalume akuwomba m'manja mwaulemu. "Zikomo kwambiri, Chichewa chakupsa. Koma pepani, ine sukulu ndilibe. Mwana wathuyu akumufuna kapena ayi?"

Akalaliki akutembenuza masamba onse asanu, kutsogolo ndi kumbuyo, akuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Pamenepo sanalembepo."

Atsibweni akutsokomola. "Tikumufuna."

Nthungululu! Thobwa!

Lamulungu

Miyendo ikuwawa, mimba yadzaza thobwa la dzulo.

Ndawerenganso zimene ndinatsala nazo m'kope. Akalaliki sananame. Muli mvula, muli fodya, muli msewu wa pakamwa, koma palibe pamene ndanena chimene ndimafuna. Mwana wa m'kalasi mwanga atalemba chonchi ndikanamulembera ndi cholembera chofiira kuti sanayankhe funso.

Kalatayo amalume asunga. Akuti pepala lake ndi lofewa bwino, lopichirira fodya. Tsamba lachitatu analisuta ine ndikuona.

Potiperekeza dzulo, Esinati anatsalira nane m'mbuyo pang'ono. "Atsibweni anu anena. Nanga inu?" Ndinayamba kufunafuna poyambira pabwino. Anandiyang'ana. Ndinangoti, "Ndikukufuna, Esinati." Iye anati, "Ndamva," nkubwerera akumwetulira.

M'mawa uno ndinatenga kope kuti ndizukute "ndamva" ameneyu. Ndalitsekanso. Ndine wokondwa, ndipo pa zimenezi ndilibe chifanifani.

Chinkhoswe chili mwezi wamawa. Ndinadzipereka kulemba makalata oitanira abale. Mbali zonse ziwiri zakana, Esinati ndiye woyamba. Akuti alemba akalaliki, chifukwa awo akalemba anthu amafika msanga.