Galimoto ya a Sosten ya Matayala Obwereka

Kuyambira ku South Bend mpaka ku Indianapolis, palibe Mmalawi amene sankadziwa kuti malemu bambo Sosten Kachingwe ankayamba kupereka moni kwa galimoto, mwini wake pambuyo. Ukangofika pa tchalitchi, usanazimitse n'komwe injini, iwo afika kale, mutu atapendeketsa ngati nkhuku yaona kabawi.

"Mwadzuka bwanji, bambo Kachingwe?"

"Ine ndadzuka, koma fanibeluti yanuyi sinadzuke. Tatsegulani boneti."

"Tichedwatu mapemphero."

"Mulungu sathawa. Tsegulani."

M'tchalitchi ankalowa nyimbo yachiwiri ikutha, taye ili ndi girisi, ndipo mayi Vainess, akazi awo, ankangowasendera pa benchi osawayang'ana.

Asanabwere ku America ankakonza maminibasi ku Limbe. Kuno ntchito yawo inali yokonza mabedi ndi njinga za odwala pa nyumba ina yosungira okalamba ku South Bend. Koma mtima wawo wonse unali m'garaja ya kunyumba kwawo. M'chaka cha 2012 lole inatsitsa pakhomo pawo mabokosi makumi awiri ndi atatu. Mayi Vainess, amene ankachokera kuntchito yawo yaunamwino, anaima n'kugwira m'chiuno.

"Bambo a Upile, ichi n'chiyani?"

"Galimoto."

"Ili kuti?"

"Ili m'katimu. Yangomwazikana."

Inali galimoto ija yogula zidutswazidutswa n'kulumikiza wekha, ya mipando iwiri, yopanda denga, yofiira ngati phwetekere. Buku lake linkati munthu wodziwa amaimaliza m'maola mazana atatu. A Sosten inawatengera zaka khumi ndi chimodzi. Mukagawa bwino mupeza kuti ndi theka la ola pa sabata, ndipo zinalidi choncho. Loweruka lililonse akangogwira sipanala, pageti pankaima galimoto ya wina ikutsokomola: mwana wasukulu wongofika kumene amene wagula chiphakasa cha galimoto, namwino amene mabuleki ake akulira, dikoni amene wathira mafuta olakwika. A Sosten ankaphimba galimoto yawo ndi chinsalu n'kukwawira pansi pa ya mwiniwake.

Nyengo zachisanu khumi ndi imodzi galimoto ya mayi Vainess inkagona panja. M'mawa uliwonse ankapala chipale pa galasi kwinaku akuyang'ana chitseko cha garaja. "Mkazi mnzanga wagona bwino m'nyumba," ankatero, "ine ndi wanga tili pabwalo."

Mu 2023 mtima wa a Sosten unayamba kuvuta. Dokotala anawaletsa kukwera masitepe ndi kuchotsa chipale ndi fosholo, choncho anagulitsa nyumba n'kupeza fulati yapansi, yoti asamukiremo pa 30 Seputembala. Kumeneko kunalibe garaja, ndipo lamulo la eni malo linali limodzi: galimoto yopanda nambala sigona pabwalo pawo. Mayi Vainess sanazungulire.

"Ikapanda nambala pofika pa 30, ikupita kwa ogula zitsulo zakutha. Ndaimba kale foni."

Galimoto yopanga pakhomo siingopatsidwa nambala. Pamafunika wapolisi adzaione kaye: magetsi, mabuleki, malamba, hutala, komanso mapepala osonyeza kumene zitsulo zake zinachokera. Kalata yofotokoza malamulowa itafika, a Sosten anangowerenga mbali ya magetsi ndi mabuleki n'kuipinda. Injini inkalira bwino. Chimene chinalibe ndi zinthu zing'onozing'ono zimene m'mabokosi muja munalibe: matayala, batire, magalasi oonera kumbuyo, mawaipa, hutala, malamba.

"Itanitsani zatsopano," anatero mayi Vainess.

"Zifika liti? Amayi, inu simukudziwa ntchito. Ku Limbe minibasi ikamapita kukayezetsa inkavala ngati mkwati. Suti yobwereka, nsapato zobwereka, madzulo n'kubweza zonse."

Apa m'pamene tinazindikira kuti zaka zonse zija akutsegula maboneti athu, mkuluyu ankasunga m'mutu kuti chitsulo cha yani chingakwane pati. Anayenda mamailosi zana limodzi ndi makumi asanu kubwera ku Indianapolis ndi jeke m'buti. A Lucious Nampota, amene amayeza magazi pa chipatala china m'tauni, anali ataimika galimoto kuseri kwa shopu yathu ku Lafayette Road akugula ufa ndi usipa. Potuluka anaipeza ili pa njerwa, a Sosten akupakira matayala ake.

"Madala! Matayala anga!"

"Lachitatu abwera. Matayala a mabowo asanu ngati anuwa ndi osowa."

"Nanga kuntchito ndipita bwanji?"

"Basi nambala yanji ija imadutsa apa? Mudzaonako mzinda."

A Lucious anakwera basi masiku anayi, akudandaula kwa aliyense koma osakwiya. Mayi Sophia anabwereketsa magalasi, ndipo sabata imeneyo ankabwerera m'mbuyo atatulutsa mutu pawindo. A Gray anapereka batire. Abusa Tuntufye Mwalwanda anangozindikira Lamlungu kuti vani ya mpingo yasanduka bubu, hutala yapita. Onse obwereketsa anakwana khumi ndi anayi.

Pa 12 Seputembala kunabwera wapolisi wamkazi, wofatsa, ali ndi fomu pa kabolodi. A Sosten anamulandira atavala suti. Anayatsa magetsi, anaponda mabuleki, analiza hutala mpaka galu wa neba kukabisala. Mapepala a injini ndi a chimango cha galimotoyo anali nawo. Mayiyo ankangochonga. Kenaka anawerama pa batire n'kuona palembedwa ndi penti yoyera kuti GRAY.

"Gray ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Mnzanga. Munthu wabwino kwambiri. Ndimubwezera mawa."

"Mumubwezera?"

"Pamodzi ndi matayala a Lucious," anatero a Sosten monyadira, "ndi hutala ya abusa. Ine sindisunga chinthu cha mwini."

Mayi Vainess, amene anaima pakhomo la khitchini, anatseka maso.

Wapolisiyo anatsitsa kabolodi kaja. "Bambo, ndiye kuti galimoto imene ndikuiona leroyi mawa kulibe?"

"Ilipo. Ingovula."

Mayiyo analuma mlomo kuti asaseke, koma sanasaine. Anafotokoza kuti chilichonse chili pagalimotopo chiyenera kukhala chawochawo, ndipo pakhale pepala losonyeza kuti anachipeza bwanji. Anawapatsa tsiku lina, la 26.

Tsiku limenelo a Sosten sanadye nkhomaliro. Mayi Vainess atawatsatira m'garaja anawapeza atakhala pa ndowa, akumasula batire pang'onopang'ono, kupuma kukuwavuta. Pa zaka makumi atatu za ukwati anali asanawaonepo akugwira sipanala ali chete.

"Aimbireni anthu a zitsulo aja," anatero a Sosten osatukula mutu. "Munanena zoona. Ndakusautsani mokwanira."

Mayi Vainess anali atadikira mawu amenewa zaka khumi ndi chimodzi, koma atawamva sanawakome. Anabwerera m'nyumba, anatenga foni, n'kulankhula pa gulu la amayi a Mvano, limene uthenga wake umafika ku Indianapolis usanathe kunenedwa.

"Amayi inu, amuna anga aja afeila. Ndikudziwa kuti tsiku lina mudzabwera ndi nkhata zamaluwa ndi mawu okoma. Ine maluwawo sindikuwafuna. Amene akufuna kuwathokoza, awathokoze pano akumva."

M'mawa mwake a Sosten anapakira zinthu zonse kukabweza, koma palibe amene analandira. A Gray anati agula kale batire lina. Mayi Sophia anati magalasi aja ankawanenepetsa nkhope. A Lucious anangotseka chitseko cha galimoto yawo, imene inali itavala kale matayala ena.

"Ine sindipemphetsa," anakalipa a Sosten. "Ndimabwereka."

"Madala," anayankha a Lucious, "pa msewu wa 31 paja, chipale chili m'mawondo, mkazi wanga ali woyembekezera, munagona pansi pa galimoto yanga ndinu kapena mbale wanu? Tengani matayala musandichititse manyazi."

Upile, mwana wamkazi wa a Sosten amene amagwira ntchito kwa maloya ku Downtown, pakati pa mzinda, anakonza fomu ya mizere itatu yoti aliyense asaine kuti wapereka mphatso. Anawafotokozera bwinobwino m'Chingerezi kuti alembe dzina, chinthu, tsiku, basi. Koma Mmalawi wamkulu angalembere boma mizere itatu ngati wakwiya nalo? Aliyense anakalemba kalata yakeyake. Ndiponso anagwirizana kuti pepala lopanda mwini wake ndi mphekesera.

Choncho pa 26, wapolisi uja atakhota kulowa mumsewu wa a Kachingwe, anasowa poimika. Anthu khumi ndi anayi anali ataima pa udzu atavala za kutchalitchi, ena atapempha tchuthi kuntchito, aliyense pafupi ndi chitsulo chake. A Lucious anachita kugwira tayala lakutsogolo ngati mboni ya ukwati.

"Kwagwa zovuta?" anafunsa mayiyo.

"Ayi," anayankha mayi Vainess. "Awa ndi malisiti."

Anayamba ndi kalata ya a Lucious. Tsamba loyamba linali lofunsa moyo wa wapolisiyo ndi banja lake lonse. Lachiwiri linali la msewu wa 31. Matayala anatchulidwa pa tsamba lachitatu, mzere womaliza. Kalata ya mayi Sophia inafotokoza mmene a Sosten anawaphunzitsira kuyendetsa pa chipale atangofika kuchokera ku Zomba. Ya abusa inali ndi mavesi awiri ndi chidindo cha mpingo. Upile ankangonong'oneza kuti fomu yeniyeni ili kuseri kwa kalata iliyonse, koma mayiyo anati awerenga zonse. Zinamutengera mphindi makumi anayi. Atafika pa kalata ya mnyamata wina wa ku yunivesite amene anapereka mawaipa, anatulutsa kansalu n'kunamizira chimfine.

Mayi wina anatuluka m'khitchini ndi beseni la mandasi. Mayi Vainess anamutchinga ndi thupi lonse.

"Bwererani nazo! Aona ngati ziphuphu. Adye atasaina."

Wapolisiyo anazungulira galimoto kawiri, anakoka malamba, anaunika pansi ndi tochi. Kenaka anauza a Sosten kuti alize hutala. Itangolira, abusa anayankha "Ameni" mosazindikira, poti ndi mmene vani yawo inkaitanira anthu. Mayiyo anasaina. Nthungululu imene inamveka mumsewu umenewo aneba amaikambabe. Mandasi anadya awiri, ena anamukulungira.

Nambala yongoyembekezera, ya pepala, inatuluka kutatsala tsiku limodzi kuti asamuke. Katundu yense anapita pa lole, koma galimoto yofiira inalowa pabwalo la fulati ikuyenda yokha, a Sosten ali pa chiwongolero, chipewa atachimanga ndi chingwe kuchibwano.

Loweruka lotsatira ananyamula mayi Vainess kupita ku Speedway ku Indianapolis, kuti galimotoyo akaionetse bwalo la mpikisano wa magalimoto. Mayi anamanga maduku awiri. Magalimoto asanu ndi awiri ankatsatira m'mbuyo. Munthu amene anamanga galimoto yothamanga anayenda ulendo wa maola awiri ndi theka m'maola anayi, malole akumudutsa akuliza mahutala. Atafika, anadutsa kunja kwa mpanda wa bwalolo pa liwiro la ngolo.

"Tapondaniko pang'ono, bambo a Upile," anatero mayi Vainess. "Zaka zonse zija?"

"Matayala a eni ake awa."

"Ndi anu! Pali kalata!"

Akuti anaponda pang'ono, mayi n'kukuwa, duku limodzi n'kuuluka. Atatsika ku Lafayette Road onse awiri ankaseka ngati ana a sukulu, misozi ili mbwe, ndipo mayi Vainess anakana kubwerera pa galimoto ina iliyonse.

Anaiyendetsa masabata asanu ndi awiri, kuzizira kusanayambe. Mu Febuluwale mtima uja unaima, ali pampando kunyumba, masana a Lachinayi. Ku maliro kunabwera anthu amene sitinkawadziwa n'komwe: a ku Kenya, a ku Mexico, okalamba awiri pa njinga zawo, ndi mayi wina wofatsa amene tinachedwa kumuzindikira chifukwa sanavale yunifomu.

Masiku ano galimoto ikakufera umaitana lole yokoka n'kukhala m'kati kudikira wekha. Ana ongofika kumene amagula ziphakasa popanda wowaletsa, ndipo tikawaona timangoyang'anana. Tayamba kuphunzira tokha. A Lucious tsopano amadziwa kusintha mabuleki, ngakhale amatsala ndi bawuti imodzi m'manja nthawi zonse.

Mwezi wathawu mzungu wina wokonda magalimoto oterewa anaiona pabwalo la fulati n'kugogoda kwa mayi Vainess kuti aigule. Mayi anamumvetsera mpaka kumaliza, kenaka anamufunsa ngati ali ndi nthawi.

"Chifukwa chiyani?"

"Muyenera kukafunsa anthu khumi ndi anayi. Ndipo aliyense adzayamba wakufunsani za moyo wa banja lanu."

Munthuyo atapita, mayi anatenga makiyi, anamanga duku, n'kukaidzutsa. Magiya sanawazolowerebe, moti imadumpha kawiri isananyamuke. Koma pa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, mayi Vainess akuphunzira.