Ziwengo Zanga ndi Chinkhoswe

Lolemba
Zabweranso. Ziwengo zija zandizunza miyezi yambirimbiri: kutupa, kuyabwa, kenako zii ngati sizinabwere. Loweruka ndi chinkhoswe changa, ndipo kwawo kwa Wongani sakudziwa. Amayi ake, aphunzitsi opuma a ku Nkhata Bay, amayang'ana munthu ngati akuchonga mayeso. Ndikuopa, ndisaname. Pulani: ndisiye chilichonse chokayikitsa, khungu lifike Loweruka lili see. Ndasiya usipa, mazira, nsinjiro, sopo wonunkhira, mafuta odzola.

Lachiwiri
Chifunga chakuta Zolozolo yense. Ndadzuka ndi mizere pakhosi, ngati zala za munthu. Chonsecho ndimagona ndekha, chitseko chokiya! Kuchipatala, pamzere zikuyaka moto. Kungolowa kwa adokotala, zathawa zonse. Ndikuwaonetsa mkono wosalala ngati wamisala. "Ziwengo zina chozibweretsa sichipezeka, koma sizopatsirana. Imwani mapiritsi awa." Kutuluka pageti, izi zabwerera. Zinali kundidikira panja.

Lachitatu
Mapiritsiwa ndi tulo tokhatokha. Kuntchito, kumene timasindikizira ana a ku yunivesite mapepala, ndawodzera makina akuyenda. Abwana andiyang'ana m'khosi, asuntha mpando wawo. NyaGondwe, aneba anga: "Mwana wane, ichi n'chamunthu. Alipo amene ukwatiwu ukumuwawa chomene." Amuna awo akuti ndi fumbi la simenti la mahositelo akumangidwa paliponsewa. Ndasiya njira yachidule yodutsa pamene akumanga. Ndasiyanso tiyi.

Lachinayi
Amayi a Wongani anditumizira nsomba ya batala yowamba, yonona bwino. Ndalira. Ndaponyera mphaka wa NyaGondwe kachidutswa, iye osanunkhiza n'komwe, kumangondiyang'ana pamkono. Patangopita kanthawi, pamene amayang'anapo patupa. Wongani pafoni: "Nsomba ija yakoma?" Ndati yakoma. Bodzalo nalo latulukira pamimba.

Lachisanu
Palibe ngakhale kamodzi. Khungu lili see, thupi lili phee. Ndikanasangalala, koma ndikuzidziwa, zikumvetsera. Ndikuyenda monyang'ama m'nyumba yangayanga. Chakudya: mbatata yophika, madzi.

Loweruka
Mwambo wake: atifunditsa zitenje atsikana angapo, kumutu mpaka kumapazi, kuti akuchimuna aloze mkazi wawo. Chitenje chatsopano, chosachapa, m'kati mukutentha. Ndiye zayamba. Kumsana, m'khwapa, m'zikope, ngati linthumbu. Ndaluma mlomo. Ndapemphera. Ndakanda! Anzanga aima njo, chitenje changa chokha chikugwedezeka. Wongani sanazungulire n'komwe: "Wanga ndi uyo akukandayo." Anthu kuseka, nthungululu. Kundivundukula, nthungululu yathera m'kamwa. Mlomo watupa, diso limodzi latsekeka. Azakhali a Wongani abwerera m'mbuyo, atagwira Baibulo pachifuwa.

Lamulungu
Wongani akuti ankadziwa kalekale, ndimakanda ngakhale pakati pa pemphero. Sabata yonse yanjala ija ndimabisira munthu wodziwa! Ukwati ulipo. Amayi ake abwera potuluka kutchalitchi, aima pakhomo, moni wapakamwa, manja ali kumbuyo. Ndawauza mawu a adokotala, akuti, "Tamva, mama." Andisiyira mphatso: mbale, kapu ndi supuni, zolembedwa dzina langa ndi penti, zoti ndizikagwiritsa ntchito ndekha ndikapita kwawo. Ndagwada, ndati yewo chomene, dzanja lina likukanda kumsana.