Makina Amene Anandiitana Dzina ku Woodlands

Ine cholinga changa tsiku limenelo chinali chimodzi basi, anzanga: kukagwada bwino, kuyankhula motsitsa mawu, kudya pang'ono, kuti apongozi akabwerere ku Katete akunena kuti mwana wawo wapeza mkazi. Kodi pamenepo pali chovuta?

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ija tinkati tikaona mzere tinkayamba tafola kenako n'kumafunsa kuti kwabwera chiyani. Ndinali mtsikana wa ku Kabwata, ndikugwira ntchito yotayipa pa ofesi ina m'tauni, ndipo ndisakubisireni, ndinkadzimva. Zala zanga zinkathamanga moti anzanga ankasiya ntchito n'kumandionerera. Chibwenzi changa chinali Laitoni, amene lero ndi bambo a ana angawa. Amayi ake ndinali ndisanawaonepo, ngakhale pachithunzi. Ndiye kunabwera uthenga woti akubwera Loweruka pa basi, adzafikira ku Woodlands kwa mkulu wake wa Laitoni, Ba Yona, ndipo akufuna kumuona mtsikana amene akungomva mbiri yakeyo.

Ndinafika m'mawa, diresi la kutchalitchi, chitenje pamwamba, nsapato zogogoda zatsopano zimene zinkandiluma zidendene. Mkazi wa Ba Yona, Ba Mwila, wa ku Kasama, anandilandira pakhomo ndi moni wa kwawo.

"Muli shani, ba mulamu? Ngenani, osayopa. Ba mayo, apongozi athu, sibaluma."

Ba Yona anali atangobwera kumene kuchokera kumaphunziro kunja, ndipo anabwerako ndi kompyuta. Ine mawu akuti kompyuta ndinkangowamva. Ndinkayesa ndi chimakina chodzaza chipinda, chokhala kumigodi kapena kubanki, choyang'aniridwa ndi anthu ovala makhoti oyera. Koma chimene ndinaona patebulo la pabalaza chinali kabokosi kakuda, kosaposa thireyi ya tiyi, kokhala ndi mabatani a zilembo ngati tayipi yanga, waya wina wapita ku TV, wina ku kawailesi ka kaseti.

Ba Yona anaikamo kaseti. Ine ndinakonzeka kumva nyimbo, mpaka ndinayamba kugwedeza mutu mwaulemu. Chimene chinatulukacho! Phokoso ngati mphaka wapanidwa ndi chitseko, kenako ngati nkhululu zana zikukangana. Koma poti ndinabwera kudzaonetsa khalidwe, ndinamwetulira n'kuti, "Nyimbo za kunja n'zabwino ndithu."

Laitoni anaseka mpaka kukhala pansi. Ba Yona anati, "Si nyimbo iyi, mulamu. Ni nkhani ili mu kaseti, manje makina yaimeza."

Ndisanamalize kuchita manyazi, TV inayamba kulemba. Masana, anzanga! Masiku amenewo TV inkadzuka madzulo, masana inkangokhala yofunditsidwa kansalu koluka. Koma apa zilembo zoyera zinkatuluka zokha pagalasi lakuda, mzere ndi mzere, popanda dzanja la munthu, popanda pepala, popanda riboni.

"Imwe mutayipa, ichi ni chanu," anatero Ba Yona. "Ni maseŵela ya nyumba ya vipuku, mizukwa. Izakuuzani kwamene muli, imwe muziiuza vochita. Ife tiyende ku Kamwala tikatenge amayi ku mabasi."

Anatseka makatani kuti zilembo zizioneka bwino, n'kunyamuka ndi Laitoni. Sipanapite nthawi, mayi wa nyumba yoyandikana anakuwa pa mpanda kuti kumashopu kwabwera mafuta ophikira. Ba Mwila anasiya mbale ya masikono a mlendo patebulo, n'kuthamangira kukhomo la kukhitchini, chitenje akumangira m'njira. "Nibwela manje manje!"

Ndinatsala ndekha ndi chinthu chija.

Zonse chinkalemba m'Chingelezi, koma ine ndili ndi chizolowezi chowerenga mokweza n'kumadzimasulira ndekha, ndiye ndikuuzani mmene ndinkanenera. Choyamba chinafunsa kuti, "Dzina lako ndani?" Apo ndinayamba ndayang'ana kuzenera. Nthawi imeneyo munthu sunkangopereka dzina kwa aliyense wokufunsa, tinkaopa ashushushu, aja ankamva zonse koma osaoneka. Nanga waya uyu akuthera kuti? Koma chidwi chinandiposa mphamvu. Ndinatayipa kuti Esitere.

"Takulandira, Esitere. Takhala tikukudikira."

Mayo ine! Zaka zonsezo ndikumenya tayipi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sinandiyankhepo ngakhale kamodzi. Lero kabokosi kakundiitana dzina, ndipo akuti kakhala kakundidikira! Ndinakhala bwino pampando, ndinakonza chitenje, n'kuyankha ngati mwana woleredwa: "Zikomo kwambiri, kaya inu muli bwanji?"

"Sindikumva."

Ndinati mwina ndalakwitsa ulemu. Ndinalemba chiganizo chachitali ngati kalata ya kwa bwana, chopempha modzichepetsa kuti andiuze chochita.

"Sindikumva."

Ine? Munthu amene makalata anga sankabwezedwa? Zinandipweteka, koma m'kupita kwa nthawi ndinatulukira kuti chinthucho sichifuna ulemu, chimafuna mawu awiri okha, ngati msilikali: tsegula chitseko, tenga kandulo, pita kumpoto. Nditangoyamba kuchilamula chonchi, dziko linatseguka.

Akuti galimoto yanga yafa pakati pa nkhalango, mvula ikugwa, ndipo kutsogolo kwanga kuli nyumba yaikulu yopanda nyali. Ndinatsegula chitseko. Akuti m'katimo mukununkha fumbi ndi maluwa owola, mipando yafunditsidwa nsalu zoyera, wotchi yapakhoma yaima. Anzanga, panalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Zilembo basi. Koma ndikulumbira, nyumbayo ndinaiona ndi maso angawa, fungo lija ndinalimva m'mphuno, mpaka ndinayetsemula. Ndinkadzifunsa kuti kodi nyumba yonseyi, zipinda zake, masitepe, mvula, zakwana bwanji m'kakaseti kamene ndingathe kukabisa m'dzanja? Nanga munthu amene anazilemba anadziwa bwanji kuti mtsikana wa ku Kabwata adzafuna kusuzumira pansi pa bedi? Chifukwa ndinasuzumira, ndipo yankho linalipo: akuti pali chidole chopanda maso.

Ndinatenga kandulo koma machesi ndinawasiya kukhitchini ya m'nkhanimo, ndiye ndinabwerera mumdima ndikudzitukwana mokweza. "Esitere iwe, mutu wako uli ndi madzi? Kandulo umayatsa ndi chala?" Nditayatsa, chinalemba kuti, "Chitseko chakunja chadzitseka chokha." Kenako: "Pamasitepe pali mapazi onyowa a munthu wosavala nsapato. Akwera m'mwamba. Sanabwerere."

Apa ndinavula nsapato zanga. Ndikanakuuzani kuti chifukwa zinkandiluma, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuti chinthu cha m'mwambamo chingamve kugogoda. Miyendo ndinaipinda pampando wa eni nyumba, chitenje chinamasuka, ndipo dzanja langa lamanzere, popanda kundiuza, linayamba ulendo wopita kumbale ya masikono ndi kubwerera. Za apongozi ndinaiwala. Za Laitoni ndinaiwala. Mukanandifunsa kuti Woodlands ili kuti, ndikanati sindinamvepo.

Ndinakwera masitepe, limodzi limodzi, ndikudziyankhula ngati wamisala. Pamwamba panali chitseko chofiira, ndipo kuseri kwake mwana akulira. Kandulo akuti yatsala pang'ono kutha. Ndinakhala pamenepo zala zili m'malere, ndikuti, "Ndilowe kapena ndisalowe? Mwana wa eni akulira. Koma mwana wanji wolira m'nyumba yopanda anthu?"

Ndisanasankhe, chinalemba chokha:

"Esitere, wina waima kumbuyo kwako. Ukumva mpweya wake pakhosi."

Ndinawerenga mokweza, ndinayesa kuseka. Kenako ndinamva. Osati m'nkhanimo, ayi. M'chipinda momwemo. Munthu akupuma, pang'onopang'ono, kumbuyo kwa mpando wanga. Kutembenuka kunandikanika. Ndinakweza maso pang'ono, ndipo pagalasi lakuda la TV, pamwamba pa zilembo, panali nkhope. Yaitali, duku loyera, maso ali tong'o, ikumwetulira. Dzanja lozizira linatera paphewa panga, ndipo mawu okhuthala anati:

"Lowa."

Anzanga, kukuwa kumene ndinakuwa ndikhulupirira anakumva kutali ku Chelstone. "Mfiti! Choka, mfiti iwe! M'dzina la Yesu, bwerera kumene wachokera!" Ndinaponya khushoni osayang'ana, ndinalumpha tebulo, ndinatuluka khomo lakutsogolo, ndipo nzeru zinandibwerera pang'ono: ndinazula kiyi, n'kukhoma chitseko kunja, kawiri. Ndinathamanga wopanda nsapato pamiyala mpaka kugeti, chitenje chili m'manja ngati mbendera.

Nthawi yomweyo galimoto ya Ba Yona inatulukira. Onse awiri nkhope zili zakugwa. Laitoni anatsika akuti, "Basi inafika kudala, kalekale, amayi sitinabapeze. Nanga iwe, n'chani?"

"Osalowa! Chatuluka m'makina! Ndachitsekera m'nyumba, kiyi ndi uyu!"

Ba Yona anandiyang'ana. "Chatuluka? Chioneka bwanji?"

"Chachitali, chaduku loyera, chili ndi mpata m'mano!"

Abale awiriwo anayang'anana. Onse pakamwa yasa. Ndipo m'pamene ndinaona chinthu chimene ndinkachiona tsiku lililonse osachilabadira: onse awiri anali ndi mpata m'mano, pamalo omwewo.

Kumbali kwa nyumba kunamveka mapazi. Ine ndinakhoma chitseko chakutsogolo ndi mphamvu zanga zonse, koma khomo la kukhitchini linali chitsegukire. Anatulukira mayi wamtali, duku loyera, akuyenda mosapupuluma, nsapato zanga zili m'manja mwawo.

"Nsapato zako izi, mwanawe. Miyala ikulasa."

Ndinagwada pomwepo, pamiyala. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo ndi diresi lomwe. Iwo anafotokozera ana awo kuti basi itafika msanga anakumana ndi mayi wina wa mumpingo amene anawatengako pagalimoto mpaka pageti. Anaodira katatu kukhitchini, osayankhidwa. Anamva munthu akukangana ndi wina pabalaza, anatsatira mawuwo, n'kupeza mtsikana akudzitukwana chifukwa cha machesi, kenako wakhala chopinda miyendo, nyenyeswa za masikono zili mbwee pachifuwa.

Chiyambire pa machesi, anzanga! Nthawi yonseyo anali ataima pamenepo!

"Amayi, pepani," ndinayamba, misozi ili chuchuchu. "Sindinadziwe, ine..."

"Zopepesa tidzakamba," anandidula. "Dzuka. Mwana uja akulirabe kuseri kwa chitseko, iwe wamuthawa. Ine ndine mzamba, mwana akamalira sindikhala pansi. Tiye ukatsegule."

Ndinawayang'ana kuti mwina akundinyoza. Ayi ndithu, maso awo ankawala ngati a mwana. Tikulowa m'nyumba anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Ndaona zambiri pamoyo wanga, koma kalata yoyankha munthu nthawi yomweyo sindinaionepo. M'katimo muli ndani?" Ndinati, "Mulibe munthu, amayi." Anapukusa mutu. "Ha! Anthu afika patali."

Tinakhala tonse kutsogolo kwa TV. Ba Mwila anafika ndi botolo lawo la mafuta, n'kuima pakhomo osamvetsa chifukwa chimene mlendo wolemekezeka wakhalira pa khushoni pansi, pafupi ndi mawondo anga. Ine ndinati, ndi mawu aulemu aja ndinakonzekera sabata yonse, "Amayi, kandulo yatsala pang'ono. Mwina ndiyambe ndakafuna ina."

Ba Yona anayesa kulowererapo. "Amayi, chitseko icho ngati mwatsegula..."

"Khala chete iwe, tisakumvere kwa iwe. Lowa, mwanawe. Ukuopa chiyani? Ine ndili pano."

Ndinatayipa: tsegula chitseko. Zilembo zinayamba kutsika, ine ndikumasulira. Akuti chipinda chilibe kanthu. Akuti kulira kwasiya. Akuti kandulo yazima. Akuti mumdimamo wina wayamba kuseka, ndipo timanja tozizira takugwira pakhosi. Mzere womaliza unaima wokha pakati pagalasi: "Wafa, Esitere."



"Wafa?" anafunsa apongozi.

"Ndafa, amayi."

"Chifukwa cha mawu anga aja?"

Iwo anayang'ana TV, anandiyang'ana ine, kenako anaomba m'manja kamodzi.

"Ndiye sunaname, mwana wanga. Wangoiona kamodzi mfitiyo, dzuwa lisanapendeke yakupha kale. Laitoni, mkazi uyu umusunge, ali ndi maso!"

Ba Mwila anatsala pang'ono kugwetsa mafuta amene anawafolera. Laitoni anagubuduka pansi. Ine ndinaseka ndikulira, ndipo apongozi anaseka kuposa tonse, mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya duku, kenako anati Ba Yona abwezere kaseti kuchiyambi, ulendo uno tikayambe tafunafuna kandulo yachiwiri.

Ukwati unachitika, ndipo mayi amenewo tinakondana mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Koma nkhaniyi anaifalitsa Katete yense, moti ulendo wanga woyamba kumudzi ana ankandithamangira akukuwa kuti kwabwera aja anafera mu TV.

Ndinalumbira tsiku lomwelo, ndipo sindinaphwanye: nyumba za mizukwa za m'makina, ine ayi, alowe ena. Ndipo ngakhale dzanja lozizira bwanji litandigwira paphewa, ndisanatchule munthu kuti mfiti, ndimayamba ndatembenuka, n'kugwada, n'kufunsa bwinobwino kuti, "Pepani, kodi ndinu amayi a ndani?"