Malegeni a Alfonsi Miti

Ku Nabvutika munthu ankayamba waganiza kawiri asanapereke moni wa m'manja kwa a Alfonsi Miti. Mkulu wokonza njinga uja akangokugwira dzanja, legeni linali litatuluka kale m'thumba, n'kukumanga nalo mkono pamwamba pa chigongono.

"Khalani phee," ankatero. "Mkono ukasowa magazi umakuwa, mitsempha ya m'mutu imamva n'kudzuka. Ndi yaulesi ija!"

Wotchi analibe. Ankanena ma Tikuoneni Maria khumi, kumasula, kupuma pang'ono, kumanganso.

Zinayamba mu 1993, akazi awo a Yosefina atagwa akutongola mtedza, pakamwa n'kupotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko yaing'ono, koma yachiwiri ikhoza kuwatenga. Mapiritsi anawapatsa, kungoti a Miti sankakhulupirira kuti kanthu kochepa ngati njere ya mapira kangagwire ntchito kokha.

A Yosefina ankadana nalo legenilo. M'mawa uliwonse, tiyi asanafike pakamwa, ankamva, "Amake Mwayi, mkono."

"Atate a Mwayi, dzulo zala zanga zinali ngati zobwereka."

"Ndiye kuti zinagwira ntchito. Bweretsani."

Ataona kuti mayi ayambanso kuyenda okha mpaka kumsika, a Miti anasandutsa komboni yonse odwala awo. Anamanga kondakitala wa minibasi amene ankaiwala potsitsa anthu. Anamanganso a Philemon, akatekisiti osokoneza mayina a ana obatizidwa, koma pemphero lili pakati kunafika njinga yophulika tayala, a Miti n'kuwaiwaliratu. Sabata yonseyo belu la kutchalitchi linaimbidwa ndi dzanja lamanzere.

Nesi wa pakiliniki anachita kubwera yekha, atalusa.

"A Miti, mudzadulitsa munthu mkono! Anakuuzani ndani kuti izi zimathandiza ubongo?"

"Sisita, amayi anuwa agwanso?"

"Si chifukwa akumwa mankhwala athu?"

"Inu pakamwa, ine pamkono. Tisalimbane."

Sitiroko yachiwiriyo sinabwere, ndipo amene anapambana pa awiriwa palibe akudziwa. Anatsogola ndi a Miti eni ake, chibayo chitawagwira m'nyengo yozizira ya 1997. M'komboni anthu ayambiranso kupatsana moni mosaopa, koma moni wake ndi wongodutsa, ndipo pansi pa mtengo wa mango pomwe a Miti ankagwirira ntchito pamangoti zii.

Maliro atatha, Mwayi, mwana wawo wamkazi, anabwera m'mawa ndi mphira watsopano. A Yosefina anabisa mkono m'chitenje.

"Amama, sitiroko simukuiopa?"

"Ndikuiopa, mwanawe. Koma zaka makumi anayi atate ako sanandigwirepo dzanja masana anthu akuona. Nditadwala ankaligwira tsiku ndi tsiku mpaka pemphero lithe, maso ali pankhope panga. Ndinkalalata, eya, koma sindinachokepo pa mpando uja ngakhale tsiku limodzi. Kamangire nkhuni mphira wakoyo."