Katoni ya Pansi pa Telesikopu

Mpaka lero mwana wanga Tiyamike akandiona ndanyamula sowo pakhomo, amathamangira kukatseka kuchipinda kwake. Sindimuimba mlandu.

Ine ndine kalipentala, ndimakhoma mipando kuno ku Glen View. Chaka chake chomaliza ku yunivesite, Tiyamike anabwera ndi telesikopu ya kusukulu n'kuiimika kuseri kwa nyumba. Anati ikujambula setilaiti, ija imatipatsa TV, imene imayenda limodzi ndi dziko moti imaoneka ngati yangoima. Pazithunzi nyenyezi zimatuluka timizere, koma iyo kadontho. Kompyuta inkajambula yokha usiku wonse, n'kumalemba pamene kadonthoko kali. Ankafunika masiku asanu ndi awiri otsatizana, mvula isanayambe. Popanda zimenezo, digiri palibe.

"Baba, musakhudze chilichonse," anandichenjeza.

Ndinavomera. Koma abale, pansi pa mwendo umodzi wa telesikopuyo anapindirapo katoni ya sopo! Pakhomo pa kalipentala! Neba aliyense wosuzumira pampanda ankaiona katoniyo, ndipo ine mtima unkandiwawa. Ndinapirira masiku asanu (ndiyamikireniko pamenepa). Tsiku lachisanu ndi chimodzi iye atakwera kombi kupita kusukulu, ndinadula kathabwa ka mukwa, kukapala bwinobwino, kukapakanso vanishi. Ndinatukula mwendo uja pang'onong'ono, kusolola katoni, kulowetsa kathabwa. Kukhuthala kwake ndinayeza ndi diso, poti diso langa silinandinamizepo.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi mfuu.

"Maiwe! Amayi! Baba! Setilaiti yasuntha!"

Tinamupeza akudumphadumpha, kompyuta ili m'manja. Kadontho kamene kanakhala pakati masiku onsewo kanali pakona. Anati mwina eni ake aisuntha mwadala, ndipo iye wajambula zinthu zimene anthu amazisakasaka zaka. Ine pakamwa ndinatsegula ndithu, koma munangotuluka mawu akuti, "Zoona?"

Ndisanapeze polowera, anali ataimbira kale aphunzitsi ake. Mayi ake nawo anauza amayi a kutchalitchi kuti mwana wawo wagwira setilaiti ikuthawa. Pofika masana, pabwalo panali anthu ngati pali chinkhoswe, wina mpaka kufunsa ngati mpira uonekebe pa TV Loweruka. Ine ndinali pakona, thukuta kamukamu, kumangopala thabwa lopalapala kale.

Aphunzitsiwo anafika pa galimoto, mayi wamagalasi wosalankhulalankhula. Anayang'ana zithunzi zija kanthawi ndithu, kenako anati, "Tiyamike, taona nthawi yake. Nyenyezi nazonso zasunthira mbali yomweyo. Kumwamba konse sikungasamuke tsiku limodzi. Yasuntha ndi telesikopu."

Anazungulira kuseri, tonse tili pambuyo pawo. Anawerama, n'kuloza pansi.

"Kathabwa kokongola. Anapala ndani?"

Mukudziwa, munthu akayamikira ntchito yako, pakamwa sipafunsa mutu. Ndinangomva mawu anga akuti, "Ndi mukwa weniweni umenewo, mayi."

Mayi ake a Tiyamike anagwira kukamwa. Tiyamike sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangondiyang'ana misozi ili lengelenge, n'kunena kuti, "Baba, masiku asanu onse aja?" Sindinachitepo manyazi otero chibadwire.

Aphunzitsi anati ayambirenso, ngati mitambo ilole. Apa n'kuti kukutentha kwa mtima bii, aliyense maso ali kumwamba kudikira mvula. Glen View yense ankapempherera kuti igwe, ine ndekha ndinkachonderera Mulungu kuti aigwireko kaye. Sabata yonseyo ndinkadutsa kutali ndi telesikopu, manja ali kumbuyo ngati wamaliro. Mvula inagwa tsiku lachisanu ndi chitatu, masiku asanu ndi awiri aja atakwana.

Anakhoza, mwana wanga. Tsiku lolandira digiri tinaima pamzere kuti atijambule, ine nditavala suti yobwereka. Wojambula akuwerenga, ndinaona kuti chipewa chake cha digiri chapendekeka pang'ono kumanzere. Pang'ono chabe. Dzanja langa linanyamuka lokha.

Iye osatembenuka n'komwe, akumwetulirabe kamera, anangoti, "Baba."

Pachithunzicho, chimene chili pabalaza pathu, chipewa n'chopendekekabe, ndipo ine dzanja lili m'malere ngati ndikulumbira kukhoti.