Tsiku Lomwe Ndinatulutsa Mipando ya Amalume

Mpaka lero kukomboni ya Chawama kuli azimayi ena omwe akandiona ndikubwera amakodolana n'kuyamba kusekera m'chitenje. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala iwo, nanenso ndikanaseka.

Nthawi imeneyo ndinali pa koleji ina m'tauni, kuphunzira zopanga mafilimu (musandifunse chifukwa chomwe sindinasankhire unamwino ngati anzanga anzeru, amayi anandifunsa kale). Ndinkakhala ndekha m'nyumba ya zipinda ziwiri ya amalume anga. Iwo ntchito itawathera, anatenga mkazi ndi ana kubwerera ku Katete, n'kundisiyira makiyi kuti ndiziyang'anira katundu. Chinali chaka chija ufa unkakwera mtengo sabata ndi sabata, malaiti akupita m'mawa n'kubwera anthu atagona. Aliyense anali ndi zake zomudya mutu. Ine ndinkatuluka ndi chikwama, kubwera madzulo, kutseka chitseko. Moni wanga unali wogwedeza mutu. Panali masiku ena oti munthu yekhayo amene ndalankhula naye anali kondakitala wa minibasi, nayenso mawu ake anali oti ndisunthe.

Aphunzitsi anatipatsa ntchito yojambula chiyambi cha filimu, kachigawo kakafupi kopanda wolankhula. "Woonera adziwe kuti munthu wanu ndi wotani asanatsegule pakamwa," anatero. Anatiika atatuatatu, koma gulu langa silinachedwe kumwazika. Mmodzi anasiya sukulu n'kuyamba kugulitsa salaula, zovala zakaunjika zija. Winayo ndikamuimbira ankangoti "nizabwela," ndipo mpaka pano akubwerabe. Ndinatsala ndekha: wolemba ine, wojambula ine, wosewera ine.

Nzeru ndinali nazo, ndipo ndinkazinyadira. Chithunzi choyamba chikhale chipinda chopanda kanthu, makoma okhaokha. Mukhale mdima, kupatula kamzere ka kuwala kolowera pachitseko chotsegula pang'ono, utsi ukuyenda pang'onopang'ono m'kuwalamo. Pansi munthu wagona pamphasa, wafunda bulangete mpaka kumutu. Kamera isasunthe. Woonera adikire mpaka ayambe kuda nkhawa, kenako dzanja lituluke m'bulangete. M'maganizo mwanga ndinkaona kale aphunzitsi akuvula magalasi kuti apukute msozi.

Loweruka m'mawa ndinayamba ntchito. Ndinatulutsa mipando, tebulo, kabati ya mbale, ndi sofa yomwe inandisupula chigongono pakhomo, n'kuzindandalika bwinobwino panja m'mbali mwa khoma. Pawindo ndinakhomera nsalu yakuda, chakunja, chifukwa m'kati munalibe pokoleka. Utsi ndinaupeza poyatsa zikuni pafupi ndi khomo n'kuponyapo masamba aawisi a mango. Kuti ndilowe bwino mumtima mwa munthu wangayo, ndinatsegula pafoni nyimbo ya kwaya, ija yoyenda mokoka. (Inu okulira mukomboni mwaona kale kumene nkhaniyi ikulowera. Ine, amene ndagonapo pamaliro ambirimbiri, sindinaone kanthu. Maso anga anali pa kuwala.)

Batire ya kamera ya kukoleji inali itatsala pang'ono, malaiti kulibe, ndiye panalibe zobwereza. Ndinaimika kamera pakona kuseri kwa chitseko, ndinadina, ndinagona, ndinafunda. Ndinadzilonjeza kuti kaya kugwe chiyani, sindisuntha. Koma kunyamula sofa m'mimba mulibe kanthu kuli ndi malipiro ake. Tulo tinandiba.

Chinandidzutsa ndi kulira. Kunayambira chakumpopi, kukuyandikira, mpaka kunafika pakhomo. Nditasuzumira pansi pa bulangete ndinaona mapazi. Azimayi ankavula mapatapata, kulowa chowerama, n'kukhala pansi motsamira khoma. Patsogolo panali Amake Tiza, oyandikana nafe, ogulitsa zitumbuwa pamsewu, omwe ankagwirizana kwambiri ndi akazi a amalume.

"Ba Phiri mwatisiya," ankalira. "Munayenda na mendo yanu ku munzi, ba Phiri."

Ba Phiri ndiwo amalume anga. Apa m'pamene mutu unagwira ntchito: mipando panja, moto pakhomo, nsalu yakuda, nyimbo ya kwaya. Ndinali nditayala maliro ndi manja anga.

Munthu wanzeru akanalongosola pomwepo. Ndinavundukula bulangete ndithu, mawu oti pepani ali kale pamilomo. Koma maso anga anali atafiira ndi utsi, misozi ili m'masaya, ndipo Amake Tiza atangondiona anakwawa n'kudzandigwira mutu, kuutsamiritsa paphewa pawo.

"Mwana wanga, wanyamula vonse ivi weka? Osatiuzako? Si tili pano ife?"

"Ni wa zii uyu mwana," anatero mayi wina kumbuyo. "Olo adwale simungazibe."

"Zina yake nindani kansi?" anafunsa winanso chapansipansi.



Chitenje cha Amake Tiza chinkanunkhira mafuta ophikira ndi sopo. Chichokereni amalume panalibe munthu anandikhudzapo, kupatula ondipanikiza m'minibasi. M'malo mwa pepani uja panatuluka kulira. Kulira kwenikweni, kogwedeza mapewa, kobwera ndi mamina. Azimayi atandimva anakweza mawu. Ndinkadziuza kuti ndikangopuma ndiwauza zoona, koma ndikapuma wina ankandisisita pamsana, ine n'kuyambiranso.

Panja azibambo anali atadzaza sofa ndi mipando. Wina anabweretsa zikuni zoonjezera. Wina anali atanyamuka kale kukafunsa za tenti kutchalitchi. Kenako pakhomo panaima ba Tembo, mkulu wa mpingo womwe amalume ankapemphera, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, vachitika liti?"

"Lero," ndinatero. (Sindinaname kwenikweni. Zonse zinachitika tsiku lomwelo.)

"Limba mutima. Leka nitumile ku munzi, timvele vamene bakonza."

Ndinakweza dzanja kuti ndiwaletse, koma iwo anayesa ndikuthokoza. Poti akazi a amalume analibe foni, anaimba nambala ya malemuwo. Ba Tembo makutu amawavuta, ndiye foni yawo imakhala yokweza mawu nthawi zonse. Inaitana. Azimayi anatsitsa kulira kuti amve.

"Halo, a Tembo," anayankha mawu omwe tonse tinkawadziwa bwino. "Mwatikumbuka lero? Ndili kudimba kuno, ndikuthirira repu."

Ba Tembo anayang'ana foni, anayang'ana ine, anayang'ananso foni.

"Ba Phiri, ndimwe?"

"Nanga angakhale ndani?"

"Muli bwino?"

"Bondo lokha ili. Kwagwanji kumeneko?"

"Kuno tili pa malilo yanu."

Kunamveka chitini chothirira chikugwa pansi.

"Ndafa liti?" anafunsa amalume. "Tampatseni foni mwanayo."

Sindibwereza zonse zomwe ananena. Anatchula amayi anga, anatchula sukulu yanga, ndipo atamva kuti sofa yawo ili padzuwa anayambiranso pachiyambi. Atadula, ndinaloza pakona pomwe kamera inali ikuphethirabe kagetsi kofiira. Ndinafotokoza za kamzere ka kuwala, za utsi, za dzanja lotuluka m'bulangete. Ndinkalankhula mamina akadali pamlomo. Mawu oti filimu sanamvekepo opusa ngati tsiku limenelo.

Anthu anatuluka mmodzimmodzi. Ena ankaseka, ena nkhope zili gwa. Mayi wina anati zoterezi n'zoitana imfa, ndipo anaima pakhomo n'kupemphera mwamphamvu asanachoke. Ba Tembo anavala chipewa chawo, nandiuza kuti mipando situlutsidwa mwamasewera pamalo pokhala anthu, n'kuthamangira kukabweza uja wa tenti.

Amake Tiza anatsalira. Atamva za maliro anali atasiya zonse pamsewu, ndipo uthenga unali utafika kale woti mafuta apserera pambaula, zitumbuwa zasanduka makala. M'chaka ngati chimenecho, mafuta a tsiku limodzi sanali nkhani yoseketsa. Ndinaweramitsa mutu kudikira kukalipiridwa. Iwo anamanga chitenje, anavala mapatapata, kenako anatembenuka.

"Ba Phiri bali moyo, tamvela. Manje iwe unali kulila ndani?"

Ndinayang'ana mphasa. Anadikira pang'ono, kenako anapita.

Katundu ndinalowetsa ndekha. Sofa inakana kulowa monga inatulukira, ndipo ndinalimbana nayo pakhomo anthu akudutsa ngati sakundiona. Chigawo chomwe ndinapereka kukoleji ndinachidula pomwe phazi loyamba likuoneka pakhomo. Aphunzitsi sanavule magalasi. Anati kuwala kuli bwino, utsi uli bwino, koma munthu wanga wagona nthawi yaitali kwambiri, ndipo mkonono womwe akuliza ukuchotsa chisoni chonse. Anzanga a m'kalasi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Chotsalacho sindinaonetse aliyense.

Phunziro lake ndi lapafupi: ukafuna kutulutsa mipando mukomboni, yamba wagogoda kwa oyandikana nawo. Ndimalidziwa, koma kugogodako sindinakuzolowerebe. Masabata otsatira ndinkanyamuka kunyumba yankho la funso lija nditalikonza bwinobwino. Ndikafika pamalo a Amake Tiza, ndinkangogula chitumbuwa chimodzi n'kunena kuti zikomo. Iwo ankandiyang'ana, n'kusankha chachikulu. Sanafunsenso.